Mudzi Wopanda Mlonda

M'mwezi wa Disembala, caka ca 2017, mvula yaikuru inagwa pa Lilongwe, ndipo timitsinje ta kuno kwathu, timene m'malimwe mwana akhoza kutidumpha, tinadzala ndi kusefukira. Madzi analowa m'nyumba za ku Kaliyeka, ku Chipasula, ku Kawale, ku Mchesi ndi ku Biwi. Zipupa za njerwa zosaocha zinasungunuka, katundu anakokoloka, ndi anthu ena anataya moyo. Kutaca tinaima m'magulu pamatope, tiri kufunsana kuti mlandu uli pa yani. Ena anati uli pa boma, ena pa iwo omanga m'khwawa, ena pa iwo okumba mcenga. Koma akuru ena amene anakulira kumudzi ananena mau ena, kuti mudzi uno ulibe mlonda. Sananene za mlonda wa cibonga ndi nyali amene agona pakhonde pa sitolo. Mau aowo anatikumbutsa mabuku awiri amene tifuna kuwayesa pa muyeso m'nkhani yino, kuti owerenga athu aone cimene alembi ace anaciona bwino, ndi cimene cinawapita.

Buku loyamba dzina lace ndi The Village Gods of South India, ndiko kunena, milungu ya m'midzi ya kumwera kwa India. Analilemba Henry Whitehead, amene anali Bishopu wa Madras kuyambira 1899 kufikira 1922. Linasindikizidwa m'caka ca 1916, ndipo analikonzanso nalikuza mu 1921. Kapena wina adzafunsa, Nanga ife a ku Kaliyeka tiri nayo ciani milungu ya Amwenye? Zoonadi, Amwenye amene tiwadziwa m'masitolo a ku Area 2 ndi a ku Limbe, ambiri makolo ao anacokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India, ndipo ocuruka a iwo ndi Asilamu. Cipembedzo ca m'buku ili sitikomana naco m'miseu yathu. Koma abale athu amene anakagwira nchito ku Durban anaciona, pakuti Atamil ndi Atelugu amene anayamba kufika ku Natal m'caka ca 1860 kudzalima nzimbe anadza nayo milungu ya kwao, ndipo kufikira lero khamu la anthu lisonkhana ku kacisi wa Mariamman ku Isipingo pa nyengo ya Paskha. Coposa ici, Mcewa wowerenga bukuli sadzatha masamba khumi asanayambe kuganizira za ku Msinja.

Zimene Bishopu anaziona ndi izi. Pambali pa milungu yaikuru ya Ahindu, monga Siva ndi Vishnu, imene iri nao akacisi amiyala atari-atari ndi ansembe a mtundu wa Abrahmana, mudzi uli wonse uli naye mlonda wace-wace, amene amucha gramadevata. Ambiri a alonda amenewa ndi akazi, ndipo maina ao atsiriza ndi liu lakuti amma kapena amman, ndilo mai. Mokhala mwao ndi kanyumba kakang'ono, kapena mwala wosasema patsinde pa mtengo. Wansembe wao kawiri-kawiri sakhala Mbrahmana. Akhala woumba mbiya, kapena wocapa zobvala, kapena mlimi wamba. Nchito yao iri ya pansi pano: nthomba, kolera, matenda a ng'ombe, cilala ndi moto. Mariamman, amene dzina lace ambiri alimasulira kuti mai wa mvula, ndiye mwini nthomba. Iye aigwetsa, iye yemwenso aicotsa, ndipo wodwala amamgoneka pa masamba a nimu, mtengo womwe uja ucuruka ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Kwa Atamil kulinso mlonda wamwamuna, Ayyanar, amene amati ayendera malire a mudzi usiku ali pa kavalo. Cifukwa cace oumba amamuumbira akavalo adothi, ena aatari kuposa munthu, nawaimika m'mizere pafupi ndi kacisi wace. Pamalire pamakhala mwala wa malire, ndi m'midzi ya Atelugu pali mwala wina pakati, umene aucha mcombo wa mudzi.

Pakagwa mliri, mudzi wonse usonkha, nyumba iri yonse monga mwa mphamvu yace. Apha nkhuku, nkhosa ndi mbuzi, ndi pa tsiku lalikuru njati yoweta. Mpunga wosanganiza ndi mwazi auwaza pozungulira malire onse, ndi zotsala za mwambo azisenza nakazitaya kutsidya kwa malire, kuti nthenda ituruke pamodzi nazo.

Tiyambe ndi kuyamika, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'masiku amenewo anzeru a ku Ulaya anadziwa India makamaka ndi mabuku akale a cinenedwe ca Sanskrit, nayesa kuti cipembedzo ca Ahindu ndi cija colembedwa m'menemo. Whitehead anatsika kumidzi, nafunsa, nalemba zimene alimi anali kucita, mudzi ndi mudzi, ndi maina a milungu, ndi dongosolo la nsembe. Sanabise kuti anthu onyozeka koposa, Amadiga ndi Amala, amene a mitundu yapamwamba sanalole kuwakhudza, anali nayo nchito pa mwambo imene popanda iwo sukadacitika. Kalembedwe kace ndi koongoka, kopanda kudzionetsera nzeru. Ndipo zinthu zambiri zimene iye anazisunga m'buku zikadaiwalika. Wolemba ali yense wa kwathu amene afuna kusunga miyambo ya makolo aphunzire kwa iye kuleza mtima kwa kufunsa, ndi kulemba cimene waona asanalembe cimene aganiza.

Koma m'bukuli tipezamo zilema zitatu. Coyamba ndi ici, kuti pomanga nkhani yace Bishopu anaweruza kuti muzu wa cipembedzo cimeneci ndi mantha, ndi kuti anthu angofuna kupepesa mizimu yaukali kuti iwaleke. Mantha alipo, sitikana. Munthu amene anaona nthomba ikusesa ana a mudzi sangakhale wopanda mantha. Koma mwambo waukuru umacitika makamaka pa nthawi ya tsoka, ndipo ndi pomwepo maso a mlendo anaona zambiri. Afanana ndi munthu wofika pamudzi tsiku la maliro lokha, nabwerera kwao kukasimba kuti anthu a kumeneko sadziwa kanthu kena koma kulira. Akadasinkha-sinkha nthawi yaitari pa liu lija lakuti amma, akadafunsa cifukwa cace anthu acha mai cinthu cimene angociopa.

Caciwiri, anataya masamba ambiri pofuna-funa ciyambi ca nsembe ya njati. Potsata maganizo a William Robertson Smith, amene anali omveka m'masiku ace, anayesa kuti kale-kale njati inali nyama ya pfuko, ndi kuti kuidya kunali kupangana ubale wa mwazi ndi iyo. Umboni wace ndi wocepa. Ndi kuyerekeza cabe za nthawi imene palibe anaiona.

Cacitatu ndico cacikuru, ndipo cicokera m'ziwiri zija. Pofunsa kumene mwambo unacokera, sanafunsitse kumene kacisi waima. Kumwera kwa India ulimi udalira maiwe okumba ndi manja, amene asunga madzi a mvula kufikira m'malimwe. Ndipo akacisi ambiri a Ayyanar aima pa mtumbira wa dziwe lotere, pamene madzi angaboole. Kwa Atelugu kuli mlonda wamkazi amene dzina lace lomwe, Katta Maisamma, linena za mtumbira wa dziwe. Alonda ena akhala m'misitu imene nkhwangwa siilowa; ndipo m'zaka za m'ma 1970 anzeru awiri a ku India, Madhav Gadgil ndi V. D. Vartak, poyenda m'mapiri a Western Ghats anapeza kuti m'misitu yopatulika yotere munatsala mitengo ndi zilambe zimene kwina konse kozungulira zinatha. Tsono tsiku la nsembe linalinso tsiku limene mudzi unadziwerenga wokha: yani wasonkha, yani wakana, malire apita pati, madzi ndi msitu ziri bwanji. Zipangizo zonse za coonadi ici ziri m'buku la Bishopu, mwala wa malire, msonkho wa nyumba iri yonse, ulendo wozungulira mudzi. Anazitola bwino, koma sanamange nazo nyumba.

Tsono tibwere kwathu, kumene kuli nkhani yofanana. Msinja uli m'boma lomwe lino la Lilongwe, patsinde pa mapiri a Dzalanyama, kumene kuli Kaphirintiwa, pamene Acewa amati anthu oyamba anasiya mapazi ao pathanthwe. Kumeneko kunakhala Makewana, ndiko kuti mai wa ana, mkazi wopatulidwa kwa Cauta, amene pa malo amenewo amchulanso Cisumphi. Sanameta tsitsi lace, pakuti amati kumeta iye ndiko kumeta mvula. Anali nao atsikana omtumikira, ochedwa Matsano. Ndi Kamundi, wa pfuko la Mbewe, amene anaimira njoka yopatulika, Thunga. Ndi Tsang'oma, wosunga ndi woomba ng'oma yochedwa Mbiriwiri. Mvula ikacedwa, mafumu a kutari anatumiza nsaru zakuda ndi ziweto zakuda. Kumunsi, ku Nsanje, kuli msitu wa Khulubvi, kumene kuli kacisi wa Mbona. Ndipo msituwo uli ciimire pakati pa dziko lodulidwa, cifukwa palibe alowamo ndi nkhwangwa. M'midzi yaing'ono namo munali timakacisi ta udzu patsinde pa mtengo, pamene akuru anathira nsembe ya ufa ndi mowa.

Tisafulumire kunena kuti za ku India ndi za kwathu ziri cimodzi-modzi. Ku Msinja anapempha kwa Mlengi mmodzi, osati kwa milungu yambiri. Ndipo mbiri ya Msinja inakuta dziko lalikuru, osati mudzi umodzi. Koma ponse pawiri pali mai wa anthu, pali mvula ndi mliri, pali msitu wosadulidwa, ndipo pali udindo umene ugwera onse okhala pa nthaka imodzi.

Za Makewana analemba Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, mu Mbiri ya Acewa m'zaka za m'ma 1940, ndi W. H. J. Rangeley mu 1952. Koma buku lathu laciwiri ndi Guardians of the Land, ndiko kuti alonda a dziko, losindikizidwa mu 1979 ku Mambo Press, ku Gwelo, mzinda umene lero uchedwa Gweru. Analisonkhanitsa J. M. Schoffeleers, wansembe wa Cikatolika wa ku Holland, amene anatumikira zaka zambiri m'cigwa ca Shire, naphunzira za Mbona kwa eni ace. Ndipo m'menemo muli nkhani ya Ian Linden ya Cisumphi. Schoffeleers nayenso anali mlendo ndi mtumiki wa mpingo monga Whitehead, koma anafunsa funso lija limene mnzace analisiya. Anaonetsa kuti akacisi amenewa analamulira nyengo ya kuocha chire ndi ya kubzala, anasunga misitu ndi maiwe, ndi kuti olosera ao anakhoza kudzudzula ngakhale mfumu. Ndipo ananena cinthu cimene ife a m'tauni tiyenera kucigwiritsa: kuti munthu anawerengedwa wa kacisi wotere cifukwa ca kukhala pa nthaka imeneyo, osati cifukwa ca pfuko lace kapena mtundu wace. Wobwera ndi mbadwa anamwa dziwe limodzi. Cotero onse awiri anasonkha.

Pa mfundo imeneyi buku laciwiri liposa loyamba kutari. Komatu nalonso liri nayo ngozi yace, makamaka m'manja mwa owerenga a masiku ano, amene akonda kusandutsa makolo athu akatswiri a zacilengedwe obvala nyanda. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo pano Bishopu ali ndi mau oyenera kuwamva. Nthomba sinathe ndi mwazi wa njati. Inatha ndi katemera. Ku India wodwala wotsiriza anapezeka mu 1975, ndipo mu 1980 bungwe la zaumoyo la dziko lonse linalengeza kuti nthendayo yatha pansi pano. Msinja, ndi kupatulika kwace konse, unapasulidwa ndi nkhondo ya Angoni m'theka laciwiri la zaka za m'ma 1800. Akuru asimba kuti mvula ikakana ngakhale atacita zonse, mlandu unagwera Tsang'oma, ndipo akadatha kulipa ndi moyo wace. Ku India nako katundu wonyansa wa mwambo anamsenzetsa anthu onyozeka aja, amene pakutha pa phwando anabwerera ku kunyozeka kwao. Ndipo taonani cilema ca mlonda wa malire: nthenda imene aitaya kutsidya kwa mwala igwera m'munda wa mudzi wina. Iye amene awerenga buku limodzi lokha la awiriwa adzatsala ndi diso limodzi.

Nanga zonsezi zitiuza ciani ife a ku Kaliyeka? Likuru la dziko linasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975, ndipo ciyambire pamenepo anthu akhala akudza kuno kucokera m'maboma onse. Ambiri a ife tikhala m'nyumba za lendi. Mukamfunsa munthu kwao, achula Ntcheu, kapena Mzimba, kapena Mulanje, ngakhale ana ace onse anabadwira kuno ndi tsitsi lace lacita imvi kuno. Kwathu ndi kumene tidzaikidwa; kuno tingogonako. Cifukwa cace khwawa la kuseri kwa nyumba liribe mwini. Wina amanga m'mphepete mwace, wina akumbamo mcenga, wina aumbamo njerwa, ndipo ife tonse, kukada, titumiza mwana kukakhuthulamo zinyalala, podziwa kuti mvula idzazitengera kwa anzathu a kumunsi. Mwa miyambo yonse ya alonda akale, umodzi umene tausunga bwino ndi uja woipa, wa kutaya tsoka kutsidya kwa malire.

Mipingo ndi mizikiti iripo yambiri, ndipo icita nchito zabwino zimene sitingazicepse: iyendera odwala, isunga amasiye, iika akufa. Koma uli wonse ulondera nkhosa zace, zimene zibalalika m'madera asanu kapena khumi. Ndipo pa mseu umodzi pakhala anthu a mipingo isanu ndi umodzi amene sanakhalepo pansi pamodzi kukamba za ngalande yao. Apa tiyenera kunena moona za atate athu m'cikhulupiriro. Pamene anaphunzitsa anthu kusiya kacisi wa udzu, anali nazo zifukwa zao, ndipo zina tazichula pamwambapa. Koma ambiri a iwo anaona monga anaonera Whitehead, nsembe ndi mantha, osaona mtolo wa udindo umene unali m'kati. Kacisi atagwa, mtolowo unatsala pansi, ndipo sanafunse yani adzausenza.

Mtengo wace tikuulipa. Kolera amene anayamba mu 2022 nafikira 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, woopsa koposa onse a m'mbiri yathu. Lilongwe anali pakati pa maboma okanthidwa kwambiri, kotero kuti kumayambiriro kwa 2023 sukulu za mumzinda uno zinacedwa kutsegulidwa. Nthenda imeneyi iyenda ndi madzi, ndipo siifunsa kuti citsime cakumbidwa ndi wa mpingo uti, kapena cimbudzi cosefukira n'ca mtundu wanji. Kumtunda nako, mtsinje wa Lilongwe, umene madzi ace timwa, ucokera m'nkhalango ya Dzalanyama. Ndipo makala ambiri amene afika mumzinda pa njinga m'mamawa acokera m'nkhalango yomweyo, pafupi ndi Kaphirintiwa ndi Msinja. Mu 2015 boma linatumizako asilikari kukalondera mitengo. Malo amene kale anasungidwa ndi ulemu anafunika mfuti. Ndipo mbaula zimene zinawafikitsa pamenepo ziri pa makonde athu.

Sitinena kuti timangenso kacisi, kapena tiumbe akavalo adothi. Amene ayesa kuti tanena cotero awerengenso. Tinena kuti mbeu ya udindo uja ikali ndi moyo pakati pathu, ndipo tiiona pa maliro. Munthu akamwalira m'dera lathu, uthenga upita kwa mfumu, mbale iyenda khomo ndi khomo, ndipo Mkristu, Msilamu ndi wosapemphera aponyamo ufa kapena ndalama, osafunsa kuti womwalirayo anali wa kuti. Cokwanira n'cakuti anakhala pakati pathu. Ili ndi lamulo lomwe lija Schoffeleers analipeza m'akacisi akale, kuti kukhala pa malo kubala mangawa. Tiri nalo pa akufa. Citiletsa n'ciani kukhala nalo pa madzi amene awapha?

Cifukwa cace tipempha zinthu ziwiri. Kwa aphunzitsi ndi ophunzira athu, kuti mabuku awiriwa awerengedwe pamodzi, lina lidzudzule linzace, ndi kuti apezeke wina woika mitu yace m'Cicewa, pakuti n'zacisoni kuti za Makewana ziwerengedwa ku Leiden ndi ku London koposa ku Kawale. Kwa mafumu athu a m'tauni, abusa, ansembe, mashehe ndi akuru a mipingo, kuti caka ndi caka, mvula isanagwe, apangane tsiku limodzi, naturuke pamodzi ndi anthu ao kuyenda m'khwawa lathu kuyambira kumtunda kufikira kumene licoka m'dera lathu. Aone yani wamanga pati, ngalande yatsekeka pati, citsime cayandikana ndi cimbudzi pati. Ndipo mbale ija iyende khomo ndi khomo monga iyenda pa maliro. Pofika kumalire asabwerere msanga, koma aitane akuru a kumunsi, amene alandira zonse zimene ife titaya, nawafunse cimene ali naco pa ife. Madzi saiwala khwawa, ndipo Disembala adzafikanso.